Ndinati Kumsitu, Iwo Anamva Mitengo

Tsikulo kunatentha kuyambira m'mamawa, kutentha kwa nyengo imene mvula imangolonjeza osabwera. Nyenje zinkalira m'mitengo ya mupani mosapumira, mpaka khutu linkazolowera, n'kudzazikumbukira pokhapokha zikaleka. Kumtsinje mvuu zinkadzuma polimbirana timadzi totsala, ndipo kutali cha kumapiri kunkagunda bingu louma. Ndinali nditangomaliza kuthirira repu kudimba pamene chitsulo cha pasukulu chinayamba kulira, osati mofulumira monga poitana ana, koma chimodzichimodzi, kuitana akuluakulu.

Ine m'mudzimo ndinali mkamwini. Kwathu ndi cha ku Nsefu, ndipo kuno, kufupi ndi Kakumbi, ndinabwera chifukwa cha ukwati. Mkamwini amalima, amamanga, amaika maliro, koma za nthaka amalankhula ndi eni mbumba. Ndinakalamba ndikudziwa zimenezo, ndipo sizinkandipweteka.

Amayi a kunyumba, akazi anga, anali atandisiya mvula zingapo m'mbuyomo. Kale mudzi wa kwawo unali kumunsi, pafupi ndi kamtsinje, koma madzi osefukira anatitopetsa, anthu n'kusamukira kumtunda ndi kutsegula manda atsopano kumeneko. Iwo akudwala anapempha kuti akagone pambali pa mayi awo, kumanda akale, m'kamsitu ka michenja ndi bwemba kamene kanali kuseri kwa dimba langa. Anali omaliza kuikidwa kumeneko. Kumunsi kuja mitumbira siikhalitsa. Chaka chilichonse madzi amaisalaza, njovu n'kupondapo, masamba n'kuphimba. Chotsala chimakhala chiwiya chimene mwaikapo. Amayi anali ndi kapu yawo yachitsulo, yoyera, ya mlomo wobiriwira, imene ankamwera tiyi. Mng'ono wawo anaiboola pansi ndi msomali, monga timachitira kuti wina asaitole, ine n'kuivundikira kumutu ndi kuikanikizira m'dothi.

Kumanda salowako popanda chifukwa. Choncho ine ndinkangoima panjira ya kudimba, pamalo amodzi pamene tchire linkasiya kampata, n'kuvula chipewa. Maso anga anali atayamba ng'ala, zinthu zonse ndikuziona ngati zili kuseri kwa utsi, koma kadontho koyera kaja ndinkakaona. Madzulo ndinkati, mwaswera bwanji amayi, n'kupemphera pang'ono, n'kukwera kumudzi. Sindinkauza munthu. Mwina abusa sakanakondwera nazo kuti mkulu wa mpingo akupereka moni kwa kapu.

Pasukulu tinapeza magalimoto a khonsolo ndi a zanyama. Anali atakhoma chipepala chachikulu pakhoma, mapu a dera lonse, opakidwa mitundu. Anati boma likufuna kuti malo aliwonse adziwike ntchito yake: kolima, komanga, kodutsa nyama, kwa alendo. Mkulu wina ankalankhula Chingerezi, sikauti wina wa zanyama wochokera kutali ankamasulira m'Chinyanja cha m'tauni, ndipo ife pansi tinkanong'onezana m'Chikunda. Mawu akamafika kumzere wakumbuyo ankakhala atatha m'mbali ngati sopo wakale. Anthu sanalabadire za mitundu. Aliyense ankafuna kunena za njovu zimene zinamudyera chimanga, ndipo mayi wina anafunsa ngati njovuzo aziwerengera kale mapuwo kuti zidziwe kodutsa. Tinaseka, a zanyama nawo anaseka.

Kenaka mkuluyo ananena mawu amene ndinawamva ndekha popanda womasulira. Anati konvenshoni. Sikauti anamasulira kuti khonsolo ikufuna kukopa misonkhano ikuluikulu kuti izichitikira kuno kuchigwa, anthu ochokera kutali azibwera kudzakhala masiku angapo pamodzi, ndipo pakufunika malo abwino, a mthunzi.

Ine mawu amenewo ndinkawadziwa bwino, kapena ndinkaganiza choncho. Konvenshoni tinkachita ife a mpingo nyengo yozizira. Tinkamanga misasa ya udzu, anthu n'kubwera wapansi ndi panjinga kuchokera ku Jumbe ndi kwina, mikeka ili pamutu, ana kumbuyo. Ankalalikira kuyambira m'mawa, ndipo pakati pa maulaliki ankaimba. Amayi ndiwo ankayambitsa nyimbo kumbali ya azimayi. Mawu awo sanali okoma kwenikweni, anali okwera ndi osatopa, ndipo ankati akayambitsa, ngakhale ogona ankadzuka. Sindinkadziwa kuti boma nalo lili ndi konvenshoni yakeyake. Ndinaganiza kuti akuluakulu a ku boma aona kuvutika kwa mipingo, n'kuchita chifundo.

Msonkhano utatha, mayi wina wachitsikana wa ku khonsolo, amene ankasunga mapu ang'onoang'ono ndi zolembera zamitundu, anayamba kufunsa anthu mmodzimmodzi za malo oyandikana ndi minda yawo. Anamulozera kwa ine chifukwa dimba langa ndilo linali lomaliza kumunsi. Anagwada pang'ono popereka moni, zimene ndinaziona kuti ndi khalidwe. Anati anakulira ku Lusaka, ndiye ndimukhululukire Chinyanja chake. Anayala chithunzi chojambulidwa kuchokera m'mwamba, n'kuika chala pa kabanga kakuda, n'kufunsa kuti pamenepa ndi chiyani.

Ndinaona chala chili pamanda penipeni. Kwathu manda saloza ndi chala, ndipo dzina lake salitchula masana pagulu ngati ukutchula msika. Ndinaloza ndi chibwano cha kumunsi n'kunena monga timanenera tonse.

"Uko ndi kumsitu, amayi."

Analemba. Anafunsa ngati anthu amadulako mitengo, ndinati palibe angayerekeze. Anafunsa ngati amalimako, ndinati ayi. Anafunsa ngati kumakhala anthu.

"Kuli eni ake," ndinatero.

"Njovu?" anafunsa akumwetulira.

Ndinati njovu nazo zimadutsako, pakuti zinali zoona. Iye anaseka, nati eni ake amenewo ndi ovuta. Ine ndinaganiza kuti akuseka pofuna kupeputsa nkhani yolemera, monga achitira anthu aulemu. Anatenga cholembera chobiriwira n'kuzunguliza kabanga kaja, kenaka n'kudulamo timizere. Timizereto sindinatione bwino. Zobiriwirazo ndinaziona, ndipo pamsonkhano paja ndinamva kuti chobiriwira ndi chosakhudza. Mtima unakhala pansi.

Ndinamufunsa za konvenshoni ija, ngati idzakhale chakumunsi komweko. Anati mwina, poti malowo ndi okongola. Ndinafunsa ngati adzaimba.

"Madzulo amaimba, atate, ena amavina ndithu."

Zovinazo ndinaziika pa mipingo yatsopano. Popita kunyumba ndinadzera njira ya kudimba, ngakhale inali yozungulira, kukawauza amayi kuti nyimbo zikubwera pafupi. Pamene anadzabweranso a khonsolo kuti anthu avomereze mapu aja, ndinakweza dzanja pamodzi ndi anzanga, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinakweza woyamba.

Mvula isanagwe mwana wanga wamkazi anabwera kudzanditenga kuti akandichotse ng'ala ku Chipata. Ndinkayesa ndi ulendo wa masabata ochepa. Diso loyamba linachedwa kupola, lachiwiri anati lidikire, kenaka mvula inatseka njira ya kumudzi, ndiye mwanayo anakana kundibweza ndekha kunyumba yopanda wophika. Ndinakhala ku Chipata chaka chonse ndi kupitirira. Pobwera pa minibasi, titatsika mapiri, ndinkaona tsamba lililonse pamtengo, ndi nthiti za mbuzi za m'mbali mwa msewu. Ndinali ngati mwana. Ndinkangoganiza kuti tsopano kapu ija ndikaiona ndi mlomo wake womwe.

M'mawa mwake ndinatsika kudimba, njira ndinaisowa. Pamene panali kampata panga panali waya wamagetsi. Kuseri kwake kunali chinyumba chachikulu chofolera udzu, chopanda makoma m'mbali, ndi tinyumba tina togona. Michenja ndi bwemba zinalipo zonse, sanadule ndi umodzi womwe, koma tchire la pansi pake linali litalambulidwa, pansi posesedwa mbee, timiyala toyera titandandalikidwa m'tinjira, mabenchi apa ndi apo. Ndinayenda m'mbali mwa waya uku ndi uku, kufuna pamene ndinkaima. Popanda tchire, paliponse panali pofanana. Koyera kunali kochuluka, koma konse kunali miyala.

Mnansi wanga, msodzi amene takhala tikunyozana kuyambira unyamata, anandipeza pamenepo ukonde uli paphewa. Anandifunsa ngati maso atsopanowo anandigulitsa ndi chitsimikizo, poti ndikuoneka ngati ndikufuna kukawabweza. Kenaka anasiya kuseka. Anandiuza kuti ntchitoyo inagwiridwa ndi anthu ochokera kutali, amene anapeza mbale ndi miphika yosweka n'kuyesa ndi zotsala za mudzi wakale, pakuti mudziwo unalidi pomwepo. Akuluakulu angapo anapita kukanena, koma anawaonetsa mapu, nati apa palembedwa msitu, manda anu ali kumtunda uku, ndipo mdala wa dimba anatsimikiza yekha. Achimwene a amayi, eni mbumba, anali ku migodi, odwala. Mng'ono wawo uja anali atamwalira ine ndili ku Chipata. Anthu anati dikirani mwini mawu abwere.

Ndinamva zonsezi, komabe mutu wanga unakana kuzilumikiza. Ndinkaganiza kuti anthu a Mulungu sangasese manda. Mwina kapu anaisunga penapake, mwina anasiya ngodya ina imene sindikuiona kuchokera kunja. Ndinaganiza zodikira konvenshoni yoyamba, ndikalowe bwinobwino pachipata, ndikafunse abusa amene adzatsogolere.

Inabwera nyengo yozizira, monga zathu zija, ndipo zimenezo zinandilimbitsa mtima. Pamsewu anakhoma chinsalu cholembedwa Chingerezi, chojambulidwa mitengo yomwe ija. Anaitana anthu ochepa a m'mudzi kuti akaimirire dera, ine n'kukhala mmodzi wa iwo chifukwa cha mpingo. Ndinavala jekete, ndinatenga Baibulo ndi buku la nyimbo. Pachipata anandikoleka kachikwangwani m'khosi. Mkatimo munali anthu ovala bwino, akuda ndi azungu, aliyense ndi kabotolo ka madzi. Mikeka sindinaione, ana sindinawaone. Wina anatsegula ndi pemphero lalifupi, ine n'kuti eya, tayamba, n'kutsegula buku la nyimbo pamwendo. Nyimbo siinabwere. Anaimirira wapampando wa khonsolo, kenaka wina, kenaka wina, akuonetsa zithunzi pansalu. Ndinaona mapu aja atakula kudzaza khoma, timizere tonse tikuoneka bwino tsopano. Woyandikana nane anandinong'oneza kuti akukambirana za mmene madera ena angatengere chitsanzo kwa ife pogawa malo mogwirizana ndi anthu. Ankaomba m'manja kawirikawiri. Buku langa linakhala chotsegula mpaka anati tikamwe tiyi panja.

Panja pake panali pansi pa mitengo. Ndinatsatira gulu, ndipo ndinazindikira nditalowa kale kuti ndikuyenda ndi nsapato pamalo pamene sindinapondepo chiikireni amayi. Ndinavula chipewa. Panali tebulo lalitali, ndipo aliyense ananyamula kapu yoyera. Kulikonse kumene ndinayang'ana kunali makapu oyera, m'manja, pamabenchi, ina pansi pafupi ndi mizu. Wina anandipatsa yanga, yotentha, ndipo ndinailandira ndi manja awiri chifukwa sindinadziwe chochita china. Ndinayesa kukumbukira tsiku la maliro. Mtengo wa bwemba unali kumanja, koma mabwemba analipo angapo, ndipo tsiku limenelo ndinkaona ndi ng'ala ndi misozi.

Mayi wa mapu uja anandizindikira. Anabwera mokondwa, nandigwira mkono, nayamba kuuza alendo awiri m'Chingerezi kuti uyu ndi mmodzi wa amene anathandiza. Ndinadikira amalize.

"Amayi, kapu ija munaiika kuti?"

Anayang'ana m'manja mwanga, nati ndili nayo kale, kapena ndikufuna ina ya shuga wambiri. Ndinati osati iyi, yachitsulo, yoboola pansi, inali chovundikira. Sanamve. Pamenepo ndinanena mawu amene sindinawanenepo pagulu masana.

"Ano ndi manda. Akazi anga agona pano, sindikudziwa ngati ndi pamene mwaimapo kapena pamene ndaima ine."

Anayang'ana pansi pa mapazi ake. Anawerama kuti aike kapu yake pansi, n'kuitolanso, n'kuima nayo choncho, tiyi akutayikira pa nsapato. Ananena chapansipansi kuti, koma atate, munati ndi msitu. Ndinati inde, ndinati kumsitu. Anabwereza, ine n'kubwerezanso, ndipo tonse awiri tinkanena mawu amodzi omwewo. Alendo aja ankamwetulira podikira kuti wina awamasulire. Belu linalira, anthu n'kubwerera mkati. Madzulo ndinamva ndili kunyumba ng'oma zikulira kumunsi. Anaimbadi, monga ananenera.

Zotsatira zake sindinazimvetse mpaka lero. Anandiitana ku boma, ndinapita panjinga mpaka pamsewu, kenaka minibasi. Panali komiti ya makhansala yoyang'anira za malo ndi za alendo, ndipo anandipatsa mpando wabwino. Wina anati mlandu ndi wa amene anajambula mapu. Wina anati ojambula amalemba zimene auzidwa. A zanyama anati iwo amayang'anira nyama, osati akufa. Womanga anati anapatsidwa malo obiriwira a timizere, ndiko kuti a alendo, ndipo sanadule mtengo, afunseni aliyense. Khansala wina wachikulire, mwana wa kuchigwa konkuno, anakwiya kwambiri, nati ngakhale mwana wa sukulu amadziwa kuti mitengo ikakhala yosadulidwa pafupi ndi mudzi ndiye kuti pali chifukwa. Koma atamufunsa kumene anali tsiku lovomereza, anapezeka kuti nayenso anakweza dzanja. Anandifunsa chifukwa chimene sindinanenere poyera kuti ndi manda. Ndinati ndinanena, m'mene timanenera. Kenaka ndinawafunsa, osati mowatsutsa, koma pofuna kudziwa, chifukwa chimene iwo anatchulira konvenshoni pamene palibe ulaliki. Ena anaseka, n'kuleka msanga.

Anakambirana zosintha mtundu pamapu, koma anati zimenezo ziyenera kupita kwa akuluakulu a ku likulu ndi kubwerera, ndipo malonda a malowo anali atalengezedwa kale kutali. Anagwirizana kuti mabenchi achotsedwe mbali ya mabwemba, amangepo mpanda wa bango, tiyi azimwera kwina, ndipo ine ndi abale tizilowa pachipata popanda kufunsidwa. Anandifunsa kuti mpandawo udutse pati. Onse anandiyang'ana, cholembera chili m'mwamba. Ndinati sindikudziwa. Anaumanga mongoyerekeza, waukulu ndithu, ndipo n'kutheka kuti amayi ali mkati.

Mayi wa mapu anabwera yekha Loweruka lina, osati pa galimoto ya khonsolo. Anavala chitenje. Anati wafunsa kumene anataya zosesa, ndipo tinapita limodzi kudzenje la zinyalala kuseri kwa khitchini, msodzi uja atatenga khasu. Anakumba iye, mayiyo n'kumafukula ndi manja. Pansi penipeni tinapeza mbale zachitsulo, mapale, ndi makapu angapo. Onse anali otenthedwa ndi moto, akuda, utoto utasuwa. Onse anali oboola pansi ndi msomali. Anawandandalika pa udzu n'kundiyang'ana. Ndinawatola imodziimodzi, kuwatembenuza, kuwapukuta mlomo ndi chala. Ndinali ndi maso abwino kuposa zaka zonse za ukalamba wanga, ndipo sindinathe kunena. Imodzi mwa iwo iyenera kuti inali ya apongozi anga. Msodzi, amene sasowa chonena, anangoti tiwabweze onse kwa eni ake, akagawane okha. Tinawaika pamodzi mkati mwa mpanda, patsinde pa bwemba wamkulu.

Asanapite, mayiyo anatulutsa m'chikwama kapu yatsopano yachitsulo, yoyera, ya mlomo wobiriwira. Anati anafunsa mwana wanga maonekedwe ake. Anandipempha kuti ndisakane. Sindinakane. Koma kuiboola sindinaiboole, pakuti amayi sanamwerepo, ndipo ndikanaivundikira pati? Ili kunyumba, ndimamweramo tiyi.

Masiku ano misonkhano imabwerabe, makamaka kukazizira. Magalimoto amadutsa, fumbi n'kugwera pa repu. Ana ena a m'mudzi anapeza ntchito kumeneko, mdzukulu wa mng'ono wa amayi amayala mabedi. Mapu ndinamva kuti anasinthidwa, ena amati sanasinthidwe. Ine madzulo ndimalowa pachipata, mlonda n'kuimirira, ndimakaima pa mpanda wa bango n'kuvula chipewa. Poyamba ndinkasowa koyang'ana, ndinkatembenuza mutu uku ndi uku ngati munthu wofika mochedwa m'tchalitchi. Tsopano ndimangoti mwaswera bwanji, mokweza pang'ono kuposa kale, kuti amve kulikonse kumene ali.

Mwana wanga amandifunsa kuti wolakwa anali ndani, ndipo amakwiya ndikamuuza kuti ndimayamba kuwerenga n'kusokonezeka panjira. Anthu aja sanadule mtengo. Anandifunsa, ndinayankha. Komabe malo a amayi anatayika m'manja mwawo, ndipo panali masiku amene ndinkati ndikafika pa mawu aja a m'pemphero la Ambuye onena za amangawa athu, ndinkatseka pakamwa n'kudikira mpingo udutse. Zinatenga nthawi. Mayi wa mapu, makhansala, osesa aja amene nkhope zawo sindinazione, onsewo ndinawakhululukira.